Nkhondo ya pa Bowo la Kabati

Tcherani khutu, inu a ku Mtendere, inu a ku Kalingalinga, ndi inu nonse amene mumakwera basi yodzaza kale n'kuuzidwa kuti malo alipo. M'zaka zija magetsi ankabwera ngati mlendo wosaitanidwa n'kuchoka osatsanzika, pamene mbaula inabwezeredwa pa mpando wake wachifumu ndipo anthu ankayenda ndi matchaja m'thumba monga amayendera ndi mankhwala, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika munabuka nkhondo imene inang'amba yadi yonse pakati, kuyambira pa mpopi kufikira pa geti. Chiyambi chake chinali maliro a TV.

Malemuyo anali TV yakale yokhala ndi linunda kumbuyo, imene inatumikira banja la a Chola mokhulupirika, ngakhale inkafuna kaye mbama kuti iyambe ntchito. Masana ena magetsi anabwerera ndi ukali wa chidakwa chimene achitsekera kunja, ndipo TV inalira kamodzi, inatulutsa kautsi konunkha ngati tsitsi lopserera, n'kutsikira kuli chete.

Amene analira kwambiri anali bambo wa m'nyumbamo, Rex Chola wometa anthu pa msika, Zala za Mphezi, Mliri wa Magoloboyi, iye amene anagonjetsa anyamata onse a ku Kalingalinga pa gemu ya mpira atakhala pa kreti yopanda khushoni, iye amene chala chake chachikulu chinauma ngati chidendene chifukwa chodina mabatani. Bokosi lake la gemu linatsala lamasiye, chingwe chikulendewera popanda pochilowetsa. Mwamwayi ndalama za chilimba, kusonkherana kuja kwa mwezi ndi mwezi, zinali zitangogwera banjali, ndipo zinali zokwana TV imodzi, yosanyada. Rex anapita m'tauni kukazonda dziko, nabwerako maso akuwala. Mu shopu ya munthu wina dzina lake Goliati anaonamo chimphona cha TV, chotambalala ngati chitseko cha tchalitchi chitagonekedwa chammbali, chotsika mtengo chifukwa dzina lake panalibe amene analimvapo, moti Goliati yemweyo ankalitchula mosiyana kwa kasitomala aliyense. Chimphonacho chinkafuna khoma lonse la pabalaza. Ndipo pa khomalo panali kabati.

Apa timange nsalu bwinobwino, pakuti tikunena za kabati ya Justina, mkazi wa Rex, wogulitsa salaula, zovala zija za kaunjika, Mkango wa pa Msika, Wosatsitsa Mtengo, amene akakwera basi kondakitala amayamba kulankhula mwaulemu. Kabatiyo anailandira pa kitchini pate, phwando lija la akazi okhaokha lotsanzikira mkwatibwi, kuchokera kwa azakhali ake, a Philomena a ku Chunga, amene anaipereka akuvina chogwada, ng'oma zikulira, n'kufotokoza pamaso pa khamu ntchito ya shelefu iliyonse. Inali ndi zitseko zagalasi, mbale zimene palibe anadyerapo, makapu odikira mlendo amene sanabadwe, ndipo pakati pake panali bowo lokhazikapo TV. Kwa Justina kabatiyo inali mboni yoimirira ndi miyendo inayi yoti iye m'banja analowera pakhomo, osati pawindo. M'nyumbamo munalibe khoma lina loikwana. Ikanachoka pamenepo, ikanagona panja kapena kugulitsidwa.

Rex anaimirira pakati pa balaza, remoti ya malemu ili m'dzanja ngati ndodo yachifumu, nalankhula motalika za ulemu wa mwamuna, za anyamata a ku Kalingalinga amene anali atayamba kale kuseka, ndi za maso ake amene sanalengedwere kusakasaka mpira pa galasi ngati wosaka nsabwe m'mutu. Justina anamvetsera mpaka kumapeto uku akusita malaya, kenaka anaimika ayironi.

"Ba Rex, nizakamba kamozi chabe. TV yamene siingena pa bowo, siingena mu nyumba."

"Justina, ni kabati yamene ifunika kulemekeza TV, osati TV kulemekeza kabati."

"Iyi inabwela na ng'oma. Imwe munabwela na chikwama chimozi, cha zipi yakufa."

Motero nkhondo inayamba. M'mawa Justina akapita kukatsegula belo la zovala, Rex ankakankha kabati pang'ono chabe, kutalika kwa chikhadabo, kuloza kukhomo, poyembekeza kuti pofika Khirisimasi ikhala itatuluka yokha. Madzulo Justina ankaibwezera ndi chiuno osaika n'komwe chikwama pansi. Ndiwo nazo zinalembedwa usilikali: kapenta anasowa mafuta, chibwabwa chinasowa nsinjiro. Rex anabwezera pometa achibale a Justina mokhotetsa mzere wa pamphumi. Amuna a m'yadimo, atakhala pa benchi pometera, anagwirizana kuti mwamuna woonera mpira pa TV yaing'ono amabala ana amantha. Akazi a pa mpopi anati lero akatulutsa kabati, mawa atulutsa mwini wake. Landilodi yekha ndiye sanalowerere. Anati aphane ngati akufuna, bola pasapezeke wokhoma msomali pa khoma lake.

Ataona kuti mdani sakufooka, Justina anatulutsa chida chimene akazi satulutsa wamba. Anaimba foni ku Chunga. Ndipo anafika a Philomena, Ng'oma ya Alangizi, Omanga Mabanja Ogumuka, amene chiuno chawo chinagwedeza makitchini pate a makomboni onse a mu Lusaka, amene mkamwini akawaona patali amasiya msewu n'kulowa m'ngalande. Rex anawalonjera atagwada pakhomo, maso ali pansi monga mwa mwambo, ndipo mumtima anadziwa kuti kwake kwatha. A Philomena anamva mbali zonse ziwiri, kutanthauza mbali ya Justina kawiri, nagamula kuti mlandu wa katundu suweruzidwa katunduyo palibe. Justina anadula chidutswa cha chingwe choyanikira zovala, anayeza bowo m'litali ndi m'lifupi, namanga mfundo zake. Rex anaika bokosi la gemu m'chikwama. Gulu lankhondo linakwera basi ya m'tauni, Rex atadzipanikiza pa mpando wakumbuyo kwenikweni, chifukwa mkamwini sagundana mawondo ndi apongozi.

Goliati, Lilime la Uchi, munthu wamfupi amene ankafika pa shelefu yachiwiri ataponda katoni, anawalandira ngati abale ake otayika. Justina sanataye nthawi ndi malonje. Anatambasula chingwe pa nkhope ya chimphona, ndipo mfundo inathera pakati, kutsala dera loti munthu n'kulimapo ndiwo zamasamba. Anatembenukira kwa azakhali ake kudikira chigamulo chimene ankachidziwa kale. Koma Goliati, poona malonda akumira, anayatsa TV.

Panatulukira mkazi wolemera wa m'sewero lija la masana limene silitha, akulira pa masitepe a nyumba yake, msozi uliwonse waukulu ngati peyala lakupsa. A Philomena, amene zaka zonsezi ankaonera seweroli pa foni yosweka galasi, mutu utagundana ndi wa mnansi wawo, anakhala pa katoni pang'onopang'ono ngati munthu amene waona masomphenya.

"Kansi uyu mukazi ali na kadontho pa mphuno," anatero motsitsa mawu. "Ine n'nali kuganiza ni foni."

"Ba anti, chingwe," Justina anawakumbutsa.

"Chingwe ni cha kuyanikila vovala, mwana wanga. Gulani iyi."

"Nanga kabati?"

"Kabati ni mapulanga chabe. N'nagula kwa munthu wamene anali kusamuka, anali pafupi kuiwaza nkhuni."

Mbiri za nkhondo zimasimba za akazembe amene anaperekedwa ndi abale awo omwe, koma palibe amene anaima mowuma ngati mmene anaimira Justina, chingwe chikulendewera m'dzanja, pamaso pa Goliati amene anali atayamba kale kufunafuna katoni yopakira. Rex anamva ng'oma za chipambano zikulira m'chifuwa mwake, ndipo akanalumpha pakanapanda apongozi.

Koma a Philomena anali asanamalize. Maso ali pa galasi, anayamba kuyala tsogolo la banjalo. Anati azibwera masana aliwonse magetsi akakhalapo, chifukwa TV yotere kuonera anthu awiri okha n'kuchimwa. Anati adzabwera ndi anzawo a m'gulu la alangizi, amene nawonso maso anayamba kufooka. Seweroli limabwerezedwa madzulo kwa amene sanamvetse masana. Loweruka amaonetsa magawo onse a mlungu motsatizana. Lamulungu kuli alaliki. Ndipo popeza ku Chunga n'kutali, mphasa yawo akhoza kungoisiya kuseri kwa sofa.

Rex anamvetsera, ndipo ng'oma za m'chifuwa zinazilala imodzi imodzi. Mkamwini sapempha remoti kwa apongozi. Sakhala nawo pa mpando umodzi, satambasula miyendo pamaso pawo, ndipo satukwana goloboyi iwo akumva. Anadziona m'masomphenya ake atakhala panja padzuwa, bokosi la gemu lili pamiyendo, akumvera pawindo mkazi wolemera akulira, kufikira magetsi atapita. Pamenepo ngwaziyo inachita chimene ngwazi zochepa zimatha: inasintha mbali nkhondo ili mkati.

Anapempha mwaulemu kuti ayese kaye gemu. Analumikiza chingwe, anadina batani, ndipo wosewera wa pa galasi anaima kaye ngati akufunsa kwa makolo ake, kenaka n'kumenya mpira umene unali utapita kale. Chilema chimenechi Rex anali atachiona tsiku loyamba lomwe, koma anachibisa mumtima monga mnyamata amabisira chilema cha chibwenzi chake. Tsopano anachivundukula pamaso pa onse, dzanja lili pachifuwa.

"Onani, amayi. Nadina lelo, wosewela amenya bola mawa. TV yamene imvela mochedwa ni TV yopanda mwambo, siinapite kwa alangizi. Ine Rex Chola siningangenese chinthu chopanda mwambo mu nyumba ya mwana wanu. Ndipo siningalole kuti mphaso yamene munavinila chogwada, mabondo kutupa, igone panja na bagalu."

Atatero anatembenukira kwa mkazi wake, anatambasula manja onse awiri, napempha chingwe.  Justina sanali mwana, anaona bwinobwino kuti chimene chasintha mwamunayo si chikondi cha kabati koma mphasa ya kuseri kwa sofa. Koma pa msika anaphunzira kuti kasitomala akabwerera sumufunsa chimene chamubweza. Anapereka chingwe.

Pakona ya shopu, pansi pa fumbi, panali ka TV kakang'ono ka dzina lodziwika, kamene mtengo wake unkafanana ndi wa chimphona. Rex anagwada nakayeza, ndipo mfundo zonse zinagwera m'malo mwake. Analumikiza gemu, ndipo wosewera ankamenya mpira chala chisanachoke pa batani. Goliati anayesa kunena kuti kameneka n'ka m'chipinda cha alendo, koma ataona nkhope ya Justina anakumbukira kuti n'kabwino zedi. Anabwezerapo sewero lija kuti apongozi aone. A Philomena anatsinzinira, anasendera pafupi, anatsinziniranso.

"Apa sinikuona vilivonse. Mukazi uja asanduka nyelele."

"Ndimwe munaniphunzisa, ba anti," anatero Justina mofatsa, "pamaso pa banthu bonse, kuti chilichonse mu nyumba chili na malo yake."

Ng'oma ya Alangizi inatsekula pakamwa, koma mlangizi sameza chiphunzitso chake pagulu. Anadzuka pa katoni, anakonza nsalu, analengeza kuti ana a masiku ano ali ndi mwambo wopitirira muyeso, ndipo anakwera basi ya ku Chunga kuchokera m'tauni momwemo.

Mtendere wa nkhondoyi unakondwereredwa mwa ulemu woyenera. TV imene mwana akanainyamula m'khwapa anaikweza pa wilibala ya ganyu kuchokera pa siteshoni, itafunditsidwa chitenje chatsopano, woyendetsa akukuwa kuti anthu apatuke ngati wanyamula firiji. Rex ankayenda patsogolo, Justina pambuyo, akazi a pa mpopi akululutira, amuna a pa benchi akutsatira patali mwamanyazi. Inalowa pa bowo popanda kukanda mbali iliyonse. Magetsi kunalibe, choncho yadi yonse inakhala pansi n'kuyang'ana galasi lakuda, kumwa munkoyo m'makapu apulasitiki, ndi kuyamikira mmene chithunzi chikuonekera bwino, aliyense akuloza nkhope yake yomwe. Landilodi anayendera makoma, sanapeze msomali, ndipo anadalitsa mgwirizanowo. Kabati inapulumuka, ngakhale tsopano Justina ankadziwa kumene inachokera, ndipo anachenjeza mwamuna wake kuti mawu oti nkhuni akadzamveka m'yadimo, adziwa amene wawatulutsa.

Magetsi atabwera, Zala za Mphezi anakhala pansi kutsogolo kwa kabati, anapyola oteteza onse, nagoletsa chigoli choyamba cha ufumu watsopano. Analumpha ndi mkuwo umene unadzutsa agalu a ku Kalingalinga. Simenti inanjenjemera, zitseko zagalasi zinalira, ndipo kapu imodzi inayenda yokha mpaka m'mphepete mwa shelefu n'kuima ikuyang'ana pansi. Justina anatulukira pakhomo la kuchipinda naloza kapuyo. Pangano linawonjezeredwa lamulo limodzi pomwepo.

Mukadzadutsa kuseri kwa msika wa Mtendere n'kumva nyumba ina ili zii pamene ena onse akukuwa, musaganize kuti mulibe anthu. Mliri wa Magoloboyi ali mkatimo, wakhala mwaulemu, mawondo pamodzi, ndipo akagoletsa amaweramira kwa mnzake wosewera naye n'kumunong'oneza kuti, "Chalowa."