Mkute wa Chizungu

Lolemba

Lero tayamba. Bambo a Tadala sakudziwa kuti tayamba, koma tayamba.

Lachisanu lapitali adokotala sanabise mawu: shuga wawo wakwera kwambiri. Tiyi wa masupuni anayi, ayi. Mandasi, ayi. Zakumwa za m'botolo, ayi. Mwamuna wanga amangogwedeza mutu ngati akumva ulaliki wokhudza anthu ena. Ine maganizo anali pa bambo anga. Iwo zinayamba ndi chala chimodzi chakuphazi, kenako mwendo wonse, kenako maliro. Zimenezo sindikufuna kuzionanso.

Ku ofesi ndadandaulira a Gire, anzanga a tebulo loyandikana ndi langa. Amakhala ku Area 12, kumene ngakhale agalu amadya pa nthawi yake. M'mawa uliwonse amabwera ndi kabotolo m'chikwama. Akuti: "Chemwali, otsi, phala la azungu lija! Osaphika ayi. Mungonyika madzulo, agone mufiriji, m'mawa abambo adye. Shuga amathawa yekha."

Andionetsa pafoni. Zofunika:
otsi
mkaka ndi yogati
sinamoni, jinja
zipatso za nyengo yake

Pachithunzipo pali maapozi ofiira. Kuno nyengo yake ndi ya magwafa ndi manachesi, ndiye tidya zomwezo.

Masana, minibasi mpaka ku Old Town. Sinamoni ndagula kwa mayi wachimwenye wa golosale yaing'ono, amene wandichenjeza kawiri: "Nsonga ya supuni basi, mayi." Magwafa ndagula ku msika wa Tsoka.

Madzulo ndikusakaniza m'botolo lakale la mayonezi. Bambo a Tadala aima pakhomo la khitchini.

"Mukuti utsi?"

Otsi.

"Chakudya chigone, m'mawa tidye chozizira? Kwathu ku Nathenje umenewo ndi mkute. Azungu autulukira liti?"

Sindikuseka. Ndili pa ntchito yopulumutsa moyo.

Lachiwiri

Kukuzizira. Mphepo ya Meyi yayamba. Botolo latuluka mufiriji, zala zanga zachita dzanzi.

Iwo akhala patebulo ndi juzi, aliyang'ana kwa nthawi yaitali. Funso: "Wamwalira ndani?"

Supuni yoyamba: nkhope yakwinyika. Sinamoni! Mayi uja anati nsonga, ine ndinati munthu sungamupulumutse ndi nsonga, ndinathira masupuni awiri odzaza. Akuti zikumveka ngati khungwa la kwa sing'anga.

Supuni yachiwiri: kho! Njere ya gwafa. Agwira tsaya. Dzino lakumbuyo lija lomwe limavuta kale.

Supuni yachitatu palibe.

Lotsalalo ndadya ndine, kuti ndipereke chitsanzo. Mseru mpaka ku City Centre.

Zomwe ndaphunzira: njere uzichotsa. Mwenye akanena nsonga ndi nsonga. Usamadye iwo akukuona ngati nkhope yako siitha kunama.

Lachitatu

Magetsi anazima dzulo nditangotseka firiji, ayaka m'mawa uno ndikuvala nsapato. A Gire sanandiuze kuti phala limeneli limafuna nyumba ya sola.

Dzulo ndinaikamo manachesi m'malo mwa magwafa. Mkaka wasasa. Chivundikiro chatupa. Kungochipotola pang'ono: phuu! Bulauzi yanga yoyera yatha ntchito. Khitchini yonse fungo la thobwa la masiku anayi.

Ndikupita kukataya, iwo anunkhiza, maso ayera koyamba sabata ino. "Tadikirani kaye, amayi a Tadala."

Adya lonse. Akokota ndi chala. Akuti, "Ichi tsono ndiye chakudya." Mkulu wa mpingo ameneyu!

Teni koloko, uthenga pafoni: "Ndili kuchimbudzi kachitatu. Abwana akundidikira m'galimoto." Iwo ndi dalaivala, ndipo lero anayenera kupita ndi abwanawo ku Salima. Abwanawo apita ndi dalaivala wina.

Ndikufuna kupulumutsa mwendo, ndatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito.

Lachinayi

Magetsi alipo. Magwafa ndinawasefa. Sinamoni nsonga yeniyeni, jinja pang'ono. Ndalawa. Sizoipa ayi! Munthu atatseka maso n'kuganiza za adzukulu ake atha kumeza.

Iwo akuti achedwa, akadyera kuntchito. Botolo alitenga okha, ndi supuni yomwe. Tsiku lonse mtima uli m'malo. A Gire ndawagulira nthochi.

Madzulo botolo labwera lopanda kanthu. Lotsukidwa. Lopukutidwa!

Zaka makumi awiri ndi zitatu tili m'banja, munthuyu sanatsukepo ngakhale kapu.

Zina zondikayikitsa:
dontho la mafuta pa shati, pafupi ndi thumba
fungo la tsabola
nsima adya nthongo zitatu zokha
afunsa okha ngati la mawa ndakonza

Tadala waimba kuchokera ku Mzuzu kumene akugwira ntchito. "Amama, musawapanikize adadi. Munthu sasintha sabata imodzi." Kulankhula n'kosavuta uli ku Mzuzu. Agogo ake akudulidwa mwendo iye anali wakhanda, sanamve fungo la m'chipinda chija.

Lachisanu

Botolo atenganso. Akuimba mluzu potuluka.

Magwafa atha, ndiye masana ndabwereranso ku Tsoka. Pafupi ndi mlatho ndikuona galimoto ya kuntchito kwawo. Ndikudziuza kuti mwina atumidwa. Ndikuyendabe, ndikudziuzabe, mpaka pachiwaya.

Ndi awo. Pabenchi, miyendo atatambasula. Tchipisi chodzaza mbale, mandasi awiri pambali, chakumwa chofiira pakati pa mapazi. Akuseka ndi mano onse, ndi lovuta lija lomwe.

Ndipo mwini chiwaya, bambo wamtali wa epuloni yoda ndi mafuta, akudya phala langa. Ndi supuni yanga.

Bambo a Tadala andiona. Tchipisi chaima pakati pa mbale ndi pakamwa. Wachiwaya wayang'ana iwo, wayang'ana ine, wamwetulira mwaulemu: "Ndinu amayi aja? Zikomo kwambiri. Phala lanu ndi labwino, kungoti muzithirako kashuga."

Sindinakalipe. Anthu ambiri. Ndangotambasula dzanja, wandipatsa supuni, ndatembenuka. Magwafa ndaiwala.

Ku ofesi ndalirira m'chimbudzi. Potuluka ndapeza a Gire akudya, kabotolo kawo kali kotsegula. Muli mpunga ndi nyemba.

"Aa, chemwali, ine zija ndinasiya kalekale. Botolo lokhalo ndi limene ndinalikonda."

Nanga amuna awo? Sanalaweko n'komwe.

Loweruka

Sitikulankhulana. Ine ndikuchapa, ndikumenya shati ya mafuta ija pamwala kuposa mmene ikufunikira. Iwo akusesa pabwalo. Kusesa! Mayi wa nyumba yoyandikana nayo wasuzumira pampanda kufunsa ngati kuli bwino.

Kuyambira dzulo ndakonza ulaliki wonse. Uli ndi mfundo zisanu. Ndayanika zovala, ndapukuta manja, ndikupita kukaupereka.

Ndawapeza pakhonde atavula patapata. Sanandimve. Akutsina zala zakuphazi, chimodzichimodzi, ngati akusankha nyemba. Afika pa ziwiri zakumapeto, atsina, atsinanso.

"Ziwirizi sindikuzimva bwino."

Kuyambira liti? Kuyambira Pasaka. Adokotala sanawauze. Ine sanandiuze chifukwa akudziwa za bambo anga.

"Ndikatsegula firiji n'kuona botolo lija ndimaona ngati andigoneka kale kuwodi. Pachiwaya paja ndimakhala munthu wabwinobwino, ngakhale kwa mphindi khumi."

Mfundo zisanu zija sindikukumbukapo ngakhale imodzi. Ndakhala pansi pasimenti yozizira, phazi lawo lili pamiyendo panga. Zikhadabo zofunika kuwenga. Ndatsina ndekha zala ziwiri zija, mwamphamvu, mwina kuposa mmene zimafunikira. Chimodzi achita "Ayi!" Chinacho ali chete.

Lolemba tibwerera kuchipatala. Akuti, "Koma za chiwaya musakawauze."

Ndikawauza.

Lamulungu

Ntchito yatha. Otsi wogona sadzagonanso m'nyumba muno.

Zotsala: otsi theka la paketi, sinamoni wokwanira mpingo wonse, bulauzi imodzi yosanduka chokolopera.

Otsiyo ndamuphika pamoto ngati phala lina lililonse. Lotentha, la nsinjiro, kamchere pang'ono. Manachesi ndaika pambale paokha monga Mulungu anawalengera. Ndawauza kuti shuga mulibe ndipo simukhala. Akuti amva. Auzira supuni yoyamba, ameza, sanafunse za maliro a munthu aliyense. Kwa ife kumeneko ndi kupambana, ngakhale sikukoma ngati kupambana.

Mawa sindikudziwa kuti adokotala akanena chiyani za chala chija. Tadala sindinamuuze. Ndamulembera uthenga kawiri, kawiri konse ndafufuta.

Nthawi ya tchalitchi yayandikira, ndawasiya patebulo ndi mbale ili theka, ndalowa kubafa. Sindinavule n'komwe, ndikumva mpando ukukokedwa pang'onopang'ono. Kabati. Chivundikiro cha chitini cha shuga. Supuni imodzi ikugunda m'mbali mwa mbale, mofatsa, ngati wakuba woopa Mulungu.

Dzanja langa lili pachitseko. Ndalichotsapo.

Ndatsegula mpopi mpaka kumapeto kuti ndisamve ngati kuli yachiwiri.