Mayi Petronela Akagwada

Ku Ndirande konse kunalibe munthu woopsa ngati Mayi Petronela akagwada. Ena akapsa mtima amapinda malaya. Iwo ankayala chitenje pansi n'kugwada mwaulemu wonse, manja pamodzi, ndipo ukaona choncho unkadziwa kuti zako zada. Mayi wamkulu wogwada sungamukalipire, sungamusiyenso n'kumapita. Kondakitala wina wotukwana anamugwadira pasiteji mpaka anapepesa anthu onse m'minibasi, mmodzimmodzi.

Anali mlembi. Ankalemba timabuku n'kumagulitsa pakhomo la tchalitchi, komanso nkhani m'timanyuzi tija tinabuka ngati bowa mu 1993. Uthenga sunkasintha: matipate ndi chisokonezo, buluku ndi la amuna, mkazi malo ake ndi pakhomo. Pakhomopo iwo sankapezekapo. Lero ku Bangwe, mawa ku Chilomoni, kuuza amayi kuti asamayendeyende. Wokaanula zovala anali a Nikolasi, amuna awo.

Ine Venansio, mphunzitsi wa Sitandade 6, ndinawerenga mabuku awiri a demokalase, mutu n'kutupa. Mu 1994 ndinasiya ntchito kuti ndipikisane ndi ena pampando wa phungu. Mkazi wanga anangoti, "Mukagwa, anawa tidzawadyetsa demokalase?"

Msonkhano wanga waukulu unali pabwalo pafupi ndi msika. Ndinabwereka suti yoyera kwa mlamu wanga, n'kukwera patebulo. Ndili mkati mofotokoza ufulu wa amayi, anthu anapatuka, ndipo ndinaona chitenje chikuyalidwa.

"Bambo aphungu, ine ndi mkazi chabe, sindidziwa kanthu," anayamba Mayi Petronela. "Mwati amayi amasuke. Nanga akazi anu ali kuti?"

"Ali kunyumba, mayi."

"Akutani?"

"Akuchapa."

"Zikomo. Ndiye kuti timabuku tanga amawerenga."

Anthu anafa ndi phwete. Apo nzeru inandibwerera, nzeru ya munthu wophunzira: nanenso ndigwade, tione wodzichepetsa ndani. Ndinatsika patebulo n'kugwada maso ndi maso, suti ya eniake pamadzi otsukira nsomba. Anthu anaomba m'manja, ine mumtima n'kuti ndawina.

Ndinaiwala kuti iwo anayamba kugwada ine ndisanabadwe. Anafunsa za mtengo wa feteleza, za ana osamvera, za mabuluku, osafulumira ngakhale pang'ono. Mawondo anga anayamba kuyaka, kenako anachita dzanzi. Atamaliza anadzuka ngati mtsikana n'kukutumula chitenje chawo. Ine kuti ndidzuke, miyendo inakana.

"Gwirani dzanja, bambo," anatero. "Ntchito ya mkazi n'kuthandiza mwamuna."

Anandidzutsa Ndirande yonse ikuona. Mavoti anga sinditchula. Ndingoti ngakhale mlamu uja sanandivotere.

Anzanga achipani anasowa ngati sitinadziwanepo. Amene anabwera kudzandipepesa ndi Mayi Petronela, atanyamula nthochi, ndipo anakhala pampando.

"Mudzaimenso," anatero. "Maganizo anu ndi opotoka, koma mumayankha. Enawa ndikagwada amangondiponyera ndalama ngati ndikupempha."

Anamwalira mu 1998. Pamaliro panadzaza amayi, ena a mabuluku atakulunga zitenje pamwamba, akulira kuposa achibale.

Mu 1999 ndinaimanso, mkazi wanga atandiletsa mpaka mawu kusasa. Pabwalo lomwe lija ndinalankhula bwino kwabasi, popanda wondidula pakamwa. Ndinafunsa ngati pali funso. Zii. Maso anga ankangofufuza kutsogolo kuja, ndipo chisoni chomwe chinandigwira sindinachimve ngakhale kumanda. Ndirande ndi yaphokoso mpaka lero, koma munthu woyamba wakumvetsera kenako n'kukutsutsa kulibenso. Ndinagwanso, ndipo ulendo uno ndinalibe womunamizira.