Apongozi a Mlongo Wanga pa Vidiyo ya Ba Saidi

Ku Kalingalinga kuli anthu amene mpaka lero ndikawapatsa moni amayamba aseka kaye asanayankhe, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinatsala pang'ono kupasula banja la mlongo wanga chifukwa cha filimu yoopsa imene ngakhale ineyo sindinaionere.

Zinachitika zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, anthu akuchotsedwa ntchito, koma m'mashopu mutadzaza katundu amene kale tinkangomumva. Mlamu wanga, ba Mwansa, atawachotsa ntchito anagula zinthu ziwiri: zida za ukalipentala ndi deki ya vidiyo. Ine ndinali nditamaliza sukulu, ndikukhala kwawoko, ntchito yanga kupala matabwa ndi kudya (pa ziwirizi ndinkalimbikira chachiwiricho). Mlongo wanga wamkulu, ba Esinati, ndiwo anandilera. Pa nthawiyo anali atangoyamba kupuma m'banjamo, chifukwa apongozi awo, mayi olemekezeka amene ankatsogolera azimayi kutchalitchi, poyamba ankafuna kuti mwana wawo akwatire Mbemba mnzake wa ku Kitwe. Panapita nthawi yaitali mlongo wanga akugwada ndi kuphika kuti mayiwo ayambe kuwaitana kuti "mwana wanga."

Koma mtima wanga sunali pa zimenezo. Unali kuseri kwa msika, m'kanyumba ka malata ka ba Saidi, amene makolo awo anachokera ku Malawi. Munali mabenchi, mazenera otseka ndi masaka, ndi TV imodzi pamwamba pa kabati. Ineyo ndinali wofotokoza. Popeza Chingerezi cha m'mafilimu chimathamanga, ndinkaima pambali pa TV ndi kamtengo m'manja n'kumauza anthu m'Chinyanja zimene zikuchitika. Pamene sindinamve, ndinkapeka, ndipo palibe anadandaulapo.

Filimu imene inatigwira mitima tonse tinkaitcha Kondakita. Dzina lake lenileni palibe ankalisamala. Inali nkhani ya mzukwa wa kondakita wa basi imene inkanyamula anthu pa siteji, koma wokwera sankatsikanso. Kwa anthu okwera minibasi tsiku lililonse ngati ife, imeneyo sinali nkhani yoseketsa. Zigawo zisanu tinali titazionera mpaka matepi kuyamba kunjenjemera. M'gawo lachisanu Kondakita anapsa ndi basi yake n'kugwera mumtsinje, ndipo kenako kunamveka mphekesera yoti gawo lachisanu ndi chimodzi, Pati Sikisi, latuluka.

Kalingalinga anagawikana. Owotcherera zitsulo ankati filimuyo inatha mphamvu pa gawo lachitatu, pamene anasintha munthu wosewera Kondakita n'kuikapo wonenepa. Akalipentala ankati bola ibwere. Mnzanga Chanda ankalumbira kuti Kondakita anafadi, ndipo amene adzayendetse basi ndi mwana wake wamkazi. Ine ndinkati zimenezo n'zamwano.

"Iwe Chanda, munthu anafa kudala angafe futi bwanji?" ndinkatero.

"Anapsa, boi. Tinaona tonse. Manje ni mwana wake mukazi, uzaona."

Tinakangana pa mpopi, pa siteji, ngakhale pamaliro a munthu wina mpaka mkulu wina anatiyang'ana. Usiku sindinkaona tulo bwino, osati chifukwa cha mantha, koma kufuna kudziwa.

Ndiye ba Saidi anapita ku Nakonde kukagula katundu, n'kubwerako ndi tepiyo. Analemba ndi choko pa chitseko kuti Loweruka masana. Tepiyo inali yakuda bii, yopanda dzina, chifukwa ina yolembedwa dzina anawabera anyamata a vidiyo ya ku Mtendere. Loweruka m'mawa anandiitana n'kundipatsira kuseri ngati chamba.

"Yenda ukaone pa deki ya alamu ako kuti ukonzeke vokamba. Ubweze tikalibe kuyamba. Ukaonetsa munthu, nizakuziba."

Munthu wanzeru akanapita kunyumba, n'kuionera, n'kuibweza. Ine ndili m'njira ndinaganiza kuti kuionera kamodzi n'kuchepa. Ndinafuna yangayanga, yoti ndiziionera mpaka kuloweza. Ndinathamangira kwa Chanda, ndipo iye anabweretsa deki ya amalume ake pa wilibala, ataifunditsa bulangete ngati wodwala. Mlamu anali ku shedi yawo yopalira matabwa, mlongo wanga ali ku msika kumene ankagulitsa salaula, zovala zija za kaunjika. Nyumba inali yathu.

Vuto loyamba linali chingwe. Kujambula tepi kumafuna madeki awiri olumikizana, imodzi ikusewera, ina ikujambula, ndipo chingwe tinali nacho chimodzi chokha. Tikalumikiza madeki, TV inkakhala yopanda kanthu. Tinayenera kusankha, kuonera kapena kujambula. Ndinasankha kujambula. Ndinati zofotokoza ndidzazipeza pomwepo, pajatu Kondakita salankhula zambiri.

Vuto lachiwiri linali tepi yojambulirapo. Tinalibe. Ndinafufuza m'kabati ya mbale za alendo, ndipo kumbuyo kwenikweni ndinapeza tepi yakuda yopanda dzina, yokulungidwa bwinobwino m'kachitenje. Ndinauza Chanda kuti ndi mpira wakale wa alamu. (Ndani amakulunga mpira m'chitenje n'kuubisa kuseri kwa mbale? Funso limeneli linandifika, koma linafika madzulo.) Kabowo kake koletsa kujambula ndinakamata ndi selotepi. Ya ba Saidi nayo inali yomata kale pomwepo, poti inali yojambulidwa kwa ina. Tsopano matepi awiriwo ankafanana ngati mapasa.

Ndisanaike ngakhale imodzi, ndinamva mawu a mlongo wanga panja akupatsa moni aneba. Ndinaponya matepi onse pansi pa khushoni n'kukhalapo.

"Manje deki iyi yachokela kuti?" anafunsa atalowa.

"Ni ya ba ankolo ba Chanda, ba sisi. Tiikonza."

"Iwe kukonza? Olo sipuni siungakonze." Anatenga ambulera imene anaiwala, n'kutuluka.

Titatulutsa matepi aja, tinayang'anana. Chanda anatenga ina dzanja ili, ina dzanja linalo, n'kumaziyeza ngati akugula nkhuku.

"Iyi ndiye Kondakita. Ilema."

Ndinaiyeza nanenso ndipo ndinavomereza kuti ikulemeradi. Zinandimvekera zanzeru kuti filimu yoopsa ilemere kuposa mpira. Kuchotsa chingwe kuti tiyese kaye pa TV kunali kosavuta, koma nthawi inali kutha. Yolemerayo tinaiika mosewera, inayo mojambula, ndipo ndinadina batani lofiira ndi chala changa chomwechi.

Tinakhala pansi kuyang'ana kagetsi kofiira kaja. Chanda ankati, "Apa manje mwana mukazi angena mu basi." Ine ndinkati, "Apa Kondakita achoka mu manzi." Tinakangana mpaka tepi inafika kumapeto, osadziwa kuti mkati mwa dekimo Kondakita akufa imfa imene ngakhale moto uja sunamupatse. Ndinatulutsa yolemera ija n'kuthamanga nayo kwa ba Saidi.

M'kanyumba muja simunadzazepo choncho. Owotcherera, akalipentala, makondakita enieni amene anathawa ntchito, ena atakhala pamiyendo ya anzawo, fungo la thukuta ndi utuchi lili tho. Pa benchi yachiwiri panali mlamu wanga, ba Mwansa, atavula kapu. Ba Saidi anaika tepi, n'kutuluka kukatseka chitseko ndi loko kunja, chifukwa anthu otsala ankafuna kuthyola. Ine ndinaima pamalo panga ndi kamtengo kanga.

Poyamba panaoneka mchenga uja wa pa TV. Kenako mdima, chithunzi chikugwedezeka, ndi ng'oma zikulira chapansipansi. Ine ng'omazo zinandidabwitsa pang'ono, koma wofotokoza sakhala duu.

"Apa ni usiku," ndinayamba. "Mwamvela ng'oma? Ni kumanda uku. Chilipo chamene chibwela."

Ndipo chinabweradi. Pakhomo panatulukira chinthu chofunda nsalu kuyambira kumutu mpaka pansi, chikukwawa pang'onopang'ono motsatira ng'oma. Munthu wina kumbuyo anayamba kupemphera. Chanda anadumpha pa benchi.

"Ninakamba ine. Ni mwana mukazi uyo."

Zinandiwawa kuti wapambana, koma ntchito ndi ntchito. Ndinaloza ndi kamtengo n'kutsitsa mawu. "Onani mwamene chiyendela. Ichi sichili na chifundo. Wamene azachivundukula, wafa."

Chithunzi chinadumpha, kuwala kunabwera, dzanja linakweza nsalu ija, ndipo pa TV ya ba Saidi panaoneka nkhope ya mlongo wanga, maso ali pansi mwaulemu. Kamtengo kanga kanali kadakali pamphuno pawo.

Inali tepi ya kitcheni pate yawo. Kwa amene simukudziwa, kitcheni pate ndi phwando la azimayi okhaokha, lolangiza mkwatibwi ukwati usanachitike. Mkwati amangolowa pang'ono n'kutuluka. Zotsalazo, magule a m'chiuno ndi malangizo a alangizi, si za maso a amuna, ndipo pa ya mlongo wanga kamera anaipereka kwa mzimayi dala kuti anthu avine momasuka. Anavinadi momasuka. Ndisanatsitse n'komwe kamtengo kaja, pabwalo panalowa apongozi aja, mtsogoleri wa azimayi a kutchalitchi, atamanga chitenje m'chiuno. Mayi amene ndinkawadziwa akuyenda ngati anyamula Baibulo pamutu anathyola chiuno mwa njira imene sindingailembe pano.

Kenako mlamu wanga anaimirira pang'onopang'ono.

"Ni ba mayo abo," anatero, ngati akudzifunsa.

Pamenepo m'pamene phokoso linaphulika. Ena ankafuna Kondakita wawo, ena ankakuwa kuti isiyeni ipite, iyi ndiye yabwino kuposa gawo lachitatu. Ine ndinadina batani loimitsa, koma pa deki ya ba Saidi batanilo linafa kalekale, iwo ankaimitsa ndi kawaya kamene kanali m'thumba mwawo, ndipo iwowo anali panja ndi loko. Ndinayesa kuphimba TV ndi thupi langa, koma ndinali woonda, apongozi ankaonekera mbali zonse ziwiri. Mlamu anadumpha benchi, anazula pulagi kukhoma, n'kunditembenukira. Sindinadikire kumva maganizo awo. Ndinang'amba saka la pazenera n'kutulukira pomwepo, nsapato imodzi n'kutsala mkati.

Ndinabisala kwa Chanda, ndipo kumeneko tinayesa tepi inayo, tikuyembekeza kuti mwina Kondakita wapulumuka. Munali ng'oma zomwezo ndi apongozi omwewo. Tsopano kitcheni pate inalipo iwiri, Pati Sikisi palibe. Ba Saidi ananditumizira uthenga woti ndikadzapondanso kuseri kwa msika, ndidzafotokoza filimu ndilibe mano.

Zimenezo ndikanazipirira. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi cha mlongo wanga. Kwa milungu ingapo, akamapita ku mpopi, anyamata ankaimba ng'oma ija pa zidebe. Apongozi anasiya kupita kutchalitchi, ndipo ananena poyera kuti mkamwana wawo anagulitsa tepiyo dala kuti awachititse manyazi. Mlongo wanga, amene sanalakwe chilichonse, anakwera basi ndi nkhuku yoyera m'manja kukagwada pakhomo pa mayiwo, ndipo apongoziwo anawasiya pa dzuwa nthawi yaitali asanawalowetse. Mawu aja oti "mwana wanga" anatenga zaka kuti abwerere.

Ine mlongo wanga sanandikalipire. Ndikanakonda akanandimenya ndi mthiko. Ndinangopeza zovala zanga atazilongedza m'chikwama, n'kundiuza kuti ndikakhale kwa amalume ku Chawama.

"Nakulela ine," anatero ali pakhomo. "Sembe unafunsa chabe." Ankanena zoona, ndikanangofunsa.

Zaka zinapita, tinayambanso kuseka limodzi, ndipo ine ndinaganiza kuti nkhani inatha. Nditapeza mkazi woti ndimukwatire, mlongo wanga ndiwo anayendetsa kitcheni pate yonse, mokoma mtima kwambiri, mpaka kupeza okha mzimayi wa kamera. Itafika nthawi yoti mkwati alowe kukavundukula mkwatibwi, ndinalowa ndi suti yanga, ndinachita zanga, n'kutembenuka kuti ndizituluka. Ndinapeza chitseko chotseka, ba Esinati ataima patsogolo pake ndi chitenje m'manja. Anandimanga okha m'chiuno, mfundo yolimba, n'kukodola oimba ng'oma. Apongozi awo aja, atakalamba tsopano, anali pampando wakutsogolo akuwomba m'manja. Ndinavina, abale. Ndikati ndiime, alangizi ankati chiuno sichinayambe. Kamera inali pa ine mpaka thukuta linadutsa jekete.

Tepi imeneyo sindinaionepo. Ndikaifunsa, ba Esinati amangoti, "Ili bwino, yasungika." Pano ndine mkulu wa mpingo, ndili ndi ana aakulu amene amandiopa, ndipo chaka chatha ndinamva kuti mwana wa mlongo wanga anaisamutsira pa foni. Ba Esinati akabwera kwathu ndimawapatsa mpando wabwino ndi nthutumba ya nkhuku, ndipo akangogwira foni m'chikwama ine mtima umalumpha.

Ana anga amati Kondakita anafika mpaka gawo lakhumi, ndipo akhoza kundipezera Pati Sikisi nthawi iliyonse. Ndimawauza kuti asavutike. Mantha ndili nawo kale okwanira, ndipo anga amabwera kudzacheza Lamlungu.