Mizu ya Munkoyo Yakana Ntchito

Lolemba

Ahedi andiitana ku ofesi nthawi yopuma. Akuti Lachisanu kukubwera mayi woyendera masukulu. Adzaonerera phunziro langa limodzi ndi la Ba Mumba limodzi, ndipo amene achite bwino ndiye akhale mkulu wa aphunzitsi a sayansi pasukulu pano. Zaka khumi ndi zinayi ndikuphunzitsa bayoloje, zonsezo zikayezedwe m'mawa umodzi!

Ba Mumba ndi a kemisitiri. Potuluka mu ofesi andigwira paphewa, ati: "Osadandaula ba ticha, tonse ndise amodzi." Munthu amene sakukonza kanthu sayankhula choncho.

Mutu wa sabata ino ku giredi teni ndi ma enzaimu. Sindifuna choko chokhachokha. Ndigwiritsa ntchito munkoyo. Mwana aliyense wa kuno ku Chinyunyu anaonapo amake akuphika phala lolimba, kulisiya lizizireko, kuponyamo mizu yophwanya, phala lija n'kusungunuka kukhala chakumwa chotsekemera. Chimene sadziwa n'chakuti m'mizumo muli enzaimu imene imadula sitachi kukhala shuga.

Ndidzawauza kuti enzaimu ili ngati chigayo: chimanga chilowa, ufa utuluka, chigayo chikhala chomwecho kudikira thumba lina. Choletsa ndi chilichonse choimitsa chigayocho. China chimatseka pakamwa polowera chimanga. China chimapita kumbuyo kukamasula lamba. China chimaphwanyiratu makina, osadzagayanso.

Makapu atatu:
1. Phala ndi muzu wabwino. Lisungunuke.
2. Phala ndi muzu wowiritsa. Likhale lolimba, moto wawononga enzaimu.
3. Phala, muzu ndi mchere wa kopa, uja wabuluu wa mu labu. Likhale lolimba, choletsa chagwira ntchito.
Pomaliza dontho la ayodini paliponse. Pamene sitachi yatsala pade bii.

Madzulo ndagula mizu khumi ndi iwiri kwa Amake Joisi, amene amagulitsa pamsewu waukulu. Mizu yake ndi dothi lokhalokha. Yakumbidwa kuti? Yagwiridwa ndi manja angati? Ana a eni adzaigwira mizu imeneyi m'kalasi mwanga, wina n'kuika chala m'kamwa, mawa ndimve kuti watsegula m'mimba. Ayi. Ndaiphwanya kaye kuti mankhwala alowe mpaka m'kati, ndaiviika m'beseni la madzi a kolorini. Pabotolo alemba chivindikiro chimodzi pa chigubu chachikulu. Ine ndathira zitatu, kuti mtima ukhale pansi.

Poiviika ndawerenga: khumi. Ndinagula khumi ndi iwiri. Ndawerenganso. Khumi!

Lachiwiri

Kuyesera koyamba, mu labu, ana ataweruka. Phala ndaphika ndekha. Kutentha ndayeza ndi themomita kanayi. Mkazi wanga, Amake Taonga, amayeza ndi chala, koma chala si chida cha sayansi.

Mphindi makumi atatu: kapu yoyamba yolimba.
Ola limodzi: yolimba.
Maola awiri: ndatembenuza kapu mozondoka, phala silikugwa.

Ayodini wada bii m'makapu onse atatu. Yachiwiri ndi yachitatu zikuchita bwino kwambiri, ndizo zinayenera kukana. Yoyamba ikukana popanda chilolezo.

Pali choletsa penapake. Enzaimu sileka ntchito yokha, imachita kuletsedwa. Funso ndi lakuti ndani.

Okayikitsa:
1. Ba Mumba. Kiyi wa kabati ya mchere wa kopa amasunga iwo. Kambewu kamodzi m'kapu yoyamba, basi, zatha.
2. Amake Joisi. Mwina si munkoyo weniweni. Tonse timadziwa kuti kutchire kuli mizu ina yofanana nayo, ina yoopsa.
3. Ufa.
4. Mphepo ya Juni. Zenera la labu lilibe galasi limodzi.
5. Amene waba mizu iwiri. Wakuba mizu angathenso kuika kanthu pa yotsalayo.

Ndayang'ana kapu yoyamba padzuwa kufuna kabuluu. Sindikuona. Koma munthu wa kemisitiri amadziwa mlingo wosaoneka ndi maso.

Kunyumba Amake Taonga ati: "Atate a Taonga, bweretsani kuno nikupangireni, ni nchito ya ola imodzi chabe." Ndakana mwaulemu. Ichi si chakumwa, ndi kafukufuku. Aseka. Kusekako ndakulemba.

Lachitatu

Mamawa ndapita kwa Amake Joisi. Ndafunsa mofatsa ngati ali otsimikiza za mizu yawo. Aika manja m'chiuno. Ati: "Ba ticha, munkoyo wamene mumamwa pano masiku onse, kupempha na kuonjezera, muganiza nimapangira mizu ya mbatata?" Amayi ogulitsa nthochi pambali pawo aseka mpaka kuwomba m'manja. Yankho lachangu chotere limakhala lokonzeratu.

Ndawoloka msewu, ndagula mtolo wina kwa mayi wina amene sindimudziwa dzina. Ndawerenga pamaso pake. Uwu ndi wadothi kuposa woyamba. Ndaphwanya, ndaviika maola atatu. Zivindikiro zinayi.

Zimene ndasintha lero:
ufa, ndatenga wa chigayo china;
makapu, ndabweretsa a kunyumba;
supuni;
zenera, ndatseka ndi katoni;
malo okhala ine, kuti chithunzithunzi changa chisaziziritse phala.

Ndili m'kati moyeza, Ba Mumba asuzumira pakhomo. Akweza mphuno. Ati: "Manje mu labu muno mununkha monga mu wodi ya chipatala. Mwathira chani, ba ticha?" Ndayankha kuti ukhondo. Ati: "Mizu yanu ni yoyera maningi, yoyera mopitirira." Ndipo aima pamenepo ngati akufuna kuwonjezera mawu. Ndatseka chitseko.

Chifukwa chiyani akununkhiza? Chifukwa chiyani akuyang'ana mizu yanga? Phunziro lawo la Lachisanu akonza liti, poti nthawi yonse ali pakhomo panga?

Zotsatira: lolimba, lolimba, lolimba. Supuni yaima yokha pakati pa kapu ngati mtengo wa mbendera.

Chakudya chamadzulo sichikulowa. Chilichonse cha chimanga ndikuchiona ngati mdani.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru. M'malovu a munthu mulinso enzaimu yodula sitachi. Ndatseka labu, ndayang'ana kumazenera, ndalavulira m'kapu ya phala lofunda, ndatakasa. Patapita kanthawi phala layamba kufewa. Lasungunuka! Ndatsala pang'ono kulira.

Tsono:
ufa ulibe mlandu;
madzi a pa mjigo alibe mlandu;
kapu ilibe mlandu;
mphepo ya Juni ndaikhululukira.
Vuto lili m'mizu.

Koma mizu ndagula kwa anthu awiri osiyana. Awiri onse angagulitse mizu yakufa sabata imodzi? Ndafufuza kwa mlonda wa sukulu. Akuti amayi awiriwo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi akazi a Ba Mumba. Amaimba kwaya imodzi! Ndakhala pansi. Zonse zikugwirizana tsopano.

Ndaganizapo zogwiritsa ntchito malovu mawa. Ayi. Sindingalavule m'kapu pamaso pa mayi wochokera ku boma, ana makumi asanu akuonerera. Dzina limene angandipatse lingandiperekeze mpaka kumanda.

Ndatuma dalaivala wa minibasi yochokera kummawa kuti andigulire mizu kutali, kwa anthu a ku Shikabeta, kumene kwaya imeneyi sifika. Wafika nayo dzuwa likupendeka. Ati: "Ba ticha, iyi ni yamphamvu, ingasungunule na simenti." Yayenda pansi pa mpando, pafupi ndi nkhuku ndi nsomba zouma. Ndaphwanya, ndaviika. Zivindikiro zisanu, igone m'menemo mpaka mawa. Nthawi yoyesera palibe, koma mizu iyi palibe mdani waigwira.

Beseni ndaika pansi pa bedi. Amake Taonga ati m'nyumba mukuwawa m'maso. Ati: "Mizu yamene mwaisambika monga mwana wakhanda, idzagwira nchito?" Ndawapempha asayandikire. Sindikufuna kuwaika pa mndandanda, koma Lolemba m'nyumba muno munali anthu awiri okha akuluakulu, ndipo mizu iwiri inasowa.

6. Amake Taonga. Ndalemba ndi pensulo.

Lachisanu

Shati yoyera. Tayi. Themomita m'thumba. Beseni ndanyamula ndekha pamutu mpaka kusukulu, anthu aone, ndilibe nazo kanthu.

Mayi woyendera ndi wamkulu ndithu, wamagalasi, wosayankhula zambiri. Akhala kumbuyo ndi kope lawo. Ahedi pambali pawo.

Chiyambi chayenda bwino. Za chigayo ana amva. Ndafunsa kuti choletsa chomasula lamba chimasiyana bwanji ndi chotseka pakamwa, manja akwera ambiri. Mayi alemba kanthu. Ndaona dzanja lawo likuyenda mofatsa, kulemba kwa munthu wokondwa.

Ndaika mizu m'makapu. Ndalengeza kuti pakutha mphindi makumi atatu kapu yoyamba ikhala madzi. Ndanena mokweza. Ndabwerezanso, Mulungu andikhululukire.

Mphindi makumi atatu. Ndapendeketsa kapu. Phe.
Ndawonjezera mphindi khumi, ndafotokozanso za chigayo.
Phe.
Ndajambula chigayo pabolodi, ndi lamba wake, ndi mwini chigayo.
Phe!

Ndatembenuza kapu mozondoka kuti mwina pansi pasungunuka. Phala latuluka lonse lathunthu, lagwera patebulo, laima ndi maonekedwe a kapu. Likunjenjemera pang'ono. Ana agwira pakamwa.

Mayi anyamuka, abwera kutsogolo. Atola muzu umodzi, aununkhiza, abweza mutu msanga. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ati: "Aphunzitsi, za choletsa mwaphunzitsa bwino kwambiri, taona katatu. Nanga enzaimu tidzaiona liti?"

Belu lalira.

Phunziro la Ba Mumba ndalimvera kunja kwa zenera. Madzi a masamba ofiira, ndimu ndi phulusa, basi. Mitundu ikusintha, ana akukuwa ndi chimwemwe. Palibe chimene chawakanira. N'zosadabwitsa. Iwo palibe amene akuwalondalonda.

Loweruka

Sindikutuluka. Ndayala mapepala onse patebulo, ndajambula mizere: tsiku, wogulitsa, ufa, kapu, amene anayandikira. Ndikufuna chinthu chimodzi chopezeka masiku onse. Ba Mumba mizu ya ku Shikabeta sanaione. Amake Joisi sanaigwire. Kwaya inali kutali. Wina wake analipo Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi, pa mtolo uliwonse. Ndani?

Masana Amake Taonga aika kapu patsogolo panga, pamwamba penipeni pa mapepala. Munkoyo. Wosungunuka bwino, wonunkhira, wowawasa pang'ono. Ndafunsa kumene agula mizu. Ati: "Ni ija ya Amake Joisi. Ninatengako iwiri pa Mande, mukalibe kuisambika mankhwala yanu. Ninaona kuti yonse izafa."

Anatengako ndisanaviike.

Ndisanaviike.

Ndatsegula buku lino kuyambira Lolemba. Zivindikiro zitatu. Zinayi. Zisanu. Zolembedwa ndi dzanja langa, mwaukhondo, tsiku lililonse. Kolorini amapha tizilombo pophwanya zomanga thupi lawo. Enzaimu nayonso ndi chomanga thupi. Izi ndinazilemba pa mayeso ku koleji, ndipo ndinakhoza. Choletsa chachitatu chija, chophwanyiratu makina. Ndipo mizu ndinkaiphwanya kaye kuti mankhwala alowe bwino mpaka m'kati!

Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze. Ati: "Ninakamba pa Chinayi. Munaniuza kuti nisayandikire." Atola mbale, atuluka. Kukhitchini ndikumva akuimba nyimbo ya kwaya.

Ndafufuta nambala 6. Pensulo inathandiza.

Lamulungu

Tikutuluka m'tchalitchi ahedi andikokera pambali pa mtengo wa mango. Akuti mayi aja asiya mawu. Mpando ndi wa Ba Mumba. Za ine alemba kuti ndimakonzekera kwambiri. Ahedi akuti mawu oti "kwambiri" mayiwo awadula mzere kunsi kawiri.

Masana Ba Mumba abwera okha kunyumba, panjinga. Ndimayembekeza kunyada. M'malo mwake akhala pa mpando wa pakhonde, chipewa pabondo. Ati: "Ba ticha, pa Chitatu paja ninafuna kukuuzani za kolorini. Munanivalira chitseko." Apempha kuti teremu ikubwerayi ndidzachitenso phunziro lomwelo, makalasi athu onse pamodzi, chifukwa za chigayo zija ana akuzikambabe. Mizu adzasunga iwo. Ndavomera. Ndafufuza m'mawu awo kuti mwina muli msampha. Sindinaupeze. Ndifufuzanso mawa, koma mphamvu zachepa.

Zotsala:
kupepesa kwa Amake Joisi, pamaso pa amayi a nthochi;
kupepesa kwa mayi wa tsidya la msewu, ndifunsenso dzina lake;
kusiya kuyang'ana kwaya ndi diso loipa;
kutaya mizu yoyera bwino makumi awiri ndi isanu ndi umodzi.

Mndandanda wa okayikitsa ndaulembanso. Uli ndi dzina limodzi, ndipo mwini wake ndimagona naye, kudzuka naye, kumumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Amake Taonga abweretsa munkoyo wotsala dzulo, kapu ya Ba Mumba ndi yanga. Lero wakoma kuposa dzulo. Pansi pa kapu yanga ndikuona kachidutswa ka muzu, kakuda, kali ndi dothi lake la kutchire. Sikanaviikidwe m'chilichonse. Sindikudziwa amene anakakumba, ngakhale ngati anasamba m'manja.

Ndayang'ana botolo la kolorini pawindo. Amake Taonga andiyang'ana ine.

Ndamwa.