Khadi la Galimoto Yomwe Ndilibe

Lolemba

Lafika! Khadi lakuda, lolemera, pakona pali chizindikiro cha kampani yopanga magalimoto, chonyezimira ukalipendeketsa. Dzina langa alilemba molondola, chinthu chomwe kuntchito akulephera chaka chachitatu tsopano.

Ndinalembetsa mwezi watha m'tauni, pomwe anaimika galimoto yatsopano m'kati mwa nyumba ya masitolo. M'kati! Mpaka lero sindikudziwa inalowera khomo liti.

Kalata ikuti mwini khadi amalandira:
- mapointi pa chilichonse wagula, othandizira kugula galimoto
- kutsukitsa galimoto ulere kamodzi pamwezi
- matayala otsika mtengo
- kubwereka galimoto yanyuwani Loweruka ndi Lamulungu, ULERE!

Galimoto ndilibe, koma chomalizacho ndi changachanga. Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wa Mayi Chirwa ku Loughborough. Mayi Chirwa ndi amene anatisunga kwawo ku Evington miyezi iwiri titangofika kuno kuchokera ku Malawi, osalandira ngakhale paketi ya shuga. Ndalemba pa gulupu ya mpingo kuti mayi wa mkwati ndinyamula ine, pa galimoto yanyuwani. Anthu atumiza timanja toomba m'manja.

Mkazi wanga wangoti, "Abambo, mwawerenga mpaka kumunsi?" Nsanje.

Lachiwiri

Nditaweruka ndapita kumalo ogulitsira magalimotowo. Ambuye! Pansi pakuwala moti ndapukuta nsapato kawiri. Khofi waulere akutuluka m'makina okufunsa ngati ukufuna thovu. Mzungu wa tayi wandipatsa moni ngati nduna, kenako wandilowetsa m'galimoto yoyera.

Zomwe ndaona ndi maso angawa:
- mpando umatenthetsa matako
- galimoto imalankhula, mawu a mayi waulemu
- buti imatseguka ukangogwedeza phazi pansi pake
- injini yalira kale koma sukumva kanthu

Ndagwedeza phazi kasanu. Kasanu yatseguka. Ndaganiza za pikapu ya a zaulimi yomwe ndinkayendetsa ku Kasungu, yolizira pamtsetse, ndipo misozi yalengeza.

Pamapeto mzunguyo akuti kubwerekako kumatseguka ukafikitsa mapointi enaake. Palibe vuto. Tili ndi masiku.

Lachitatu

Tsiku losaka mapointi. Ndauza anzanga onse kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito kuti wofuna sangweji andipatse ndalama, khadi ndigunditse ine. Pobwerera ndagula thumba la mpunga, mafuta ophikira, sopo, ndi matishu mitolo itatu ikuluikulu. M'basi yobwerera ku Braunstone ndakhala mipando itatu. Gogo wina wachizungu wandifunsa mwachifundo ngati kunyumba kuli bwino.

Chodabwitsa n'chakuti ukangogunditsa khadi, foni m'thumba imanjenjemera, mapointi alowa kale. Pali munthu kwinakwake amene wakhala maso kundiyang'anira ine!

Tembo, mnzanga wa ku Zambia wa shifiti imodzi, wayang'ana pafoni yanga n'kuseka mpaka kutsamira khoma. "Manje imwe ba Malawi, muzagula ma tishu angati kuti mufike pa motoka?" Ndamuuza kuti pano tikusaka ya Loweruka yokha. Ndipo madzulo ano zatheka, kachizindikiro kabiriwira kayaka!

Mkazi wanga akufunsa kuti mitolo ija tigona nayo kuti.

Lachinayi

A kampani ija aimba foni kuti amalize kundibukitsa galimoto ya Loweruka. Mtsikana wa mawu okoma, akundithokoza pa chilichonse. Kenako akuti, nambala ya laisensi. Ndamuwerengera ya ku Malawi monyadira, zaka khumi ndi ziwiri popanda kugunda ngakhale nkhuku.

Wandifunsa kuti ndinafika liti kuno. Akuti laisensi yakwathu imagwira chaka choyamba chokha. Ndinamvapo zimenezi, koma ndinkaziyesa nkhani za anthu oopa msewu. Wapepesa katatu, mokoma moti ine ndi amene ndamutonthoza. Anthu awa amadziwa kukana!

Ndafunsa ngati angayendetse Tembo. Ayi, mwini khadi yekha. Zalembedwa kumunsi.

Pa gulupu Mayi Chirwa alemba kuti, "Mwana wanga, ndakana galimoto ya alongo anga. Ndikwera yanu yolankhulayo." Mpunga sukulowa.

Lachisanu

Nzeru zina. Tembo wavomera kutinyamula pa galimoto yake, yokalamba kuposa ena mwa omwe timawasamalira. Ine ndiitsukitsa ndi khadi kuti iwale, mwina anthu akhululuka.

Makina otsukirawo ndi zodabwitsa zina. Umangokhala m'katimo, nyumba yonse n'kuyamba kuyenda yokha. Maburashi aatali ngati mitengo ya mibawa akuvina uku ndi uku. Thovu la pinki, la buluu, la chikasu! Ndakuwa ngati mwana. Tembo nayenso wakuwa, koma chifukwa china: windo la kumbuyo silitsekeka mpaka pamwamba. Anaiwala kunena.

Madzi alowa ngati mvula ya mu Januwale. Galasi la m'mbali lomwe linamangidwa ndi tepi latsala m'manja mwa burashi. Titatuluka, galimoto yayeradi mbee, ndipo dzimbiri lonse lomwe matope ankabisa likuoneka bwinobwino.

"Inali bwino na dothi yake," watero Tembo.

Ndathera mtolo umodzi wa matishu pampando wa kumbuyo. Ukadali chinyontho.

Loweruka

Evington, m'mawa. Mayi Chirwa atuluka atavala zagolide kuyambira duku mpaka nsapato, akuwala ngati guwa la pa Isitala. Ayang'ana kumtunda kwa msewu. Ayang'ana kumunsi. Kenako ayang'ana ife.

Ndawafotokozera zonse nditagwira chipewa m'manja. Andimvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Ndiye yolankhula ija ndi imeneyi?" Nthawi yomweyo chitseko chalira kwiii. "Eya, ikulankhuladi." Akhala kutsogolo ngati mfumukazi. Ine kumbuyo, pampando wonyowa, beseni la mandasi pamiyendo.

Tafika nthawi yabwino, mayi wa mkwati ali wouma. Thalauza langa lotuwa ndiye ayi. Ndaima chotsamira khoma mwambo wonse. Pa perekaniperekani woyendetsa mwambo walengeza kuti, "Tiwaone bambo amene abweretsa mayi athu pa galimoto yanyuwani!" Ndavina chobwerera m'mbuyo, nkhope kwa anthu, msana kukhoma, mpaka kumbale ndi kubwerera. Achinyamata ayesa sitepe yatsopano, ayamba kutengera. Amuna anayi atuluka panja kukaona galimotoyo. Abwerako akupukusa mitu.

Lamulungu

Kutchalitchi pa basi. Khadi lili m'chikwama cha mkazi wanga, akuti likapume.

Nthawi ya maumboni Mayi Chirwa aimirira. Ine ndayamba kuyang'ana komwe kuli khomo. Akuti m'dziko lino anthu ambiri amalonjeza n'kuzimitsa foni, koma pali mwana wina amene zitamuvuta anabwerabe pakhomo, nthawi yake, n'kukhalira madzi kuti iwo afike ouma. Mpingo wonse waomba m'manja. Ine ndangoyang'ana nsapato.

Abusa akhudzidwa kwambiri. Pomwepo andisankha kukhala wapampando wa komiti ya zamayendedwe, ndipo palibe wotsutsa.

Msonkhano woyamba ndi Lachitatu madzulo. Ndayang'ana kale njira. Mabasi awiri.