Kanjedza wa a Zuze

Khalani pansi ana inu. Mwambi uwu unayamba motere, kuchigwa kotentha kuja kwa Ngabu.

Kunali bambo wina, a Zuze. Atapita ku tauni anaona mitengo ya kanjedza itandanda pakhomo pa hotela, masamba ake akuvina ndi mphepo, mtima wawo n'kugwa pomwepo. Pobwerera anakumba mbande kudambo n'kuzibzala pakhomo penipeni pa nyumba yawo, ina uku, ina uku.

Mlamu wawo Fombe anagwira pakamwa. "Alamu, kanjedza wakudamboyu amaphukira ana patsinde. Ndiye minga yake..."

"Ndadziwa kale!" anamudula a Zuze.

Kanjedza amakondwa ndi dzuwa, ndipo a Zuze sankamumana madzi ngakhale manyowa a mbuzi. Anakula, naphukira ana, anawo naphukiranso awo.

"Bambo a Tereza, chitenje changa chang'ambikanso," anadandaula akazi awo a Esinta. "Tadulirani mitengo yanuyi isanatseke khomo."

"Ndadziwa kale! Anthu odutsa akuima n'kumayang'ana, iwe ukuti ndidule?"

Banja lija linayamba kulowa m'nyumba chammbali. Kenaka chokwawa. Pamapeto pake onse ankangodzera pa windo la kuseri, a Zuze n'kumati kukwerakwera kumalimbitsa mawondo.

Tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo Tereza linafika. Akuchimuna anazungulira nyumba yonse akuodira, koma khomo osalipeza. A Zuze anachita manyazi kutulukira pa windo apongozi akuona. Anavala jekete, natsegula chitseko, nadziponya m'masamba muja.

Minga inawakola jekete, inawakola buluku, ina n'kuwabaya pokhalira. Kutsogolo osapita, kumbuyo osabwerera.

"Alamu! Chikwanje!" anakuwa.

"Musasunthe alamu, mingayi imabaya," anatero Fombe akuwadulira njira.

Ulendo uno a Zuze anamvera, naima osasuntha.

Malume a mnyamata anapukusa mutu. "Nyumba yokongola chonchi, anamanga ndani osaika khomo?"

A Esinta anasuzumira pa windo. "A Ndadziwakale, ndi awo mukuwaonawo."

Alendo anaseka mpaka misozi. Chinkhoswe chinachitikira pansi pa mtengo wa mango, a Zuze ali chiimire, poti kukhala pansi sikunatheke.

N'chifukwa chake, ana inu, wina akamakana malangizo asanawamve n'komwe, akulu amati: "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."