Mmene Ndinaphera Utawaleza

Ngati ndikunama, njanji ya Kafue ipindike ngati chingwe! Nkhaniyi ndi ya manyazi, koma liwu lililonse ndi loona.

Chaka chimene mafakitale anayamba kutaya anthu, inenso ananditaya. Amake Tisa, mkazi wanga, anamanga katundu. "Mwezi ukatha mukali kuwothera dzuwa, nibwerera ku Chipata."

M'mawa wina mvula itakata, ndinapeza chithaphwi kuseri kwa nyumba chili waliwali: kufiira, kubiriwira, ndi mitundu ina imene ngakhale pa chitenge simunaione. Ndinanunkhiza. Oilo.

Ndinatchinga ndi masaka. Pofika masana komboni yathu yonse ya Estates inali pakhomo panga, ena anachoka ku Lusaka wapansi. Anyamata a Pentekosite ankati uta wa Nowa wagwa, ine ndinkati mgodi. Amake Tisa anasolola poto m'katundu muja n'kuyamba kukazinga vitumbuwa.

Kenaka kunamveka kuti mawa kubwera investa, bwana wa ndalama, kudzaona mgodiwo. Ndinayang'ana kachithaphwi kanga, kuchepa. Munthu wa tayi sungamuonetse kadontho. Ndinapita kwa ba Mulenga, neba amene amaimika minibasi yake kumtunda kwa mpanda wanga, n'kupempha oilo wakutha, chigubu chathunthu. M'chithaphwi muja khuthu!

Mitundu yonse zii. Kunatsala phala lakuda bii. Investa anafika, anaponda, nsapato inatsala momwemo.

Ba Mwiinga, ticha wa sayansi, anaseka mpaka kukhala pansi. "Ba Phiri, mitundu sinali mu oilo, ili mu kuwala koyera kwa dzuwa. Kaoilo kakapyapyala pamadzi, kuwala kwina kubwerera pamwamba pake, kwina pansi pake. Pokumana, mitundu ina iphana, ina ikula. Manje imwe mwathira chigubu, zasokonekera."

"Nanga mgodi wanga?"

"Mgodi wanu uyenda ku Lusaka m'mawa uliwonse, unyamula na bantu. Bauzeni ba Mulenga bakonze injini."

Anthu anaseka mpaka ng'ona mumtsinje zinatulutsa mitu. Koma woseka amamva njala. Odzaona munthu wopha utawaleza anachuluka kuposa amene anadzauona wamoyo, vitumbuwa osakwana. Amake Tisa basi ya Chipata sanaikwere, mpaka lero ali ndi kantemba kogulitsirapo vitumbuwa. Mwayi ukabwera wopyapyala, osauthirira.

Mlamu wanga amati, "Zonse linachita ni dzuwa, imwe munaononga chabe."

Zamkutu. Dzuwa limawala Kafue yense, nanga bwanji linasankha chithaphwi changa?